Matabwa Anayi Oyera

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi abambo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Ndapatsira achimwene kalatayi ndi mankhwala a m'maso amene munanena aja, popeza lole yawo ikunyamuka lero. Foni yanu yogwera m'beseni ija muiiwale, wokonza wati yafa basi. Tizingolemberana ngati kale mpaka ndipeze ina.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali m'kachipinda kakumbuyo ka nyumba ya zaluso, kudula magalasi, kukhoma mafulemu ndi kupachika zithunzi za eni ake. Mwezi uno tapachika ntchito za mayi wina amene amalumikiza zitsekerero za mabotolo ndi waya mpaka zimalendewera pakhoma ngati nsalu. Mukanaona, mukanati tayamba kutola zinyalala.

Nkhani yaikulu ndi iyi. A Madamu, amene amayang'anira nyumbayi, anapeza zojambula zanga zimene ndimabisa kuseri kwa kabati. Ndinkayesa andikalipira. M'malo mwake anazindandalika pansi n'kuziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati chipinda chachikulu ndi changa mwezi wa Meyi. Zaka zisanu ndakhala ndikupachika za anthu ena, Amayi. Tsopano ndipachika zanga.

Ndili ndi pempho. Matabwa a abambo ounjikidwa kuseri kwa nyumba aja, a zikwangwani zakale, ndikuwafuna pa chionetserochi. Mundipemphereko inuyo, mumadziwa powalowera. Ine ndi iwo mukudziwa mmene tinasiyanirana. Achimwene akuliza hutala panja, ndilekeze pompa.

Ndine mwana wanu.

11 Febuluwale

Mwana wanga,

Tonse tili bwino. Mankhwala ndalandira, maso asiya kuyabwa. Uthenga wako ndinauwerenga katatu, kachitatuko ndinawerengera amayi a pafupi nafe pa mpanda, nawo auza msewu wonse. Anthu akufunsa ngati uoneka pa kanema.

Za matabwa ndinadikira mpaka bambo ako atadya. Ukudziwa mmene alili. Chitsegulire sitolo ya makina osindikiza ija, eni masitolo anayamba kubweza zikwangwani zawo chimodzichimodzi n'kupachika za pulasitiki, ndipo bambo ako atha zaka zitatu osagwira bulashi. Munthu amene analemba msika wonsewu zaka makumi anayi, pano amangokhala pakhonde kumvera wailesi. Mawu amene anakuuza aja tsiku limene unasiya sukulu ya unamwino, akuti penti sadyetsa munthu, sikuti ankadana nawe. Ankadziyang'ana okha.

Kenako ndinawauza pempho lako. Ananyamuka kupita kuseri, n'kuyamba kutembenuza matabwa aja limodzilimodzi, akuwagogoda ndi chala. Atabwera anati, "Mwanayu amadziwa kusankha. Matabwa ndi abwino, sanafumbwe, amukhalira nthawi yaitali. Zachabe ndi zimene zili pamwambazi." Mawa lake anapita kukagula sandipepala ndi chitini cha penti yoyera. Akuti sangatumizire mwana matabwa auve, akufufutira okha kuti iwe ukalandire oyera, okonzeka kujambulapo.

Ayamba ndi la wometa lija, la mitu isanu ndi umodzi. Amachita pang'onopang'ono chifukwa phewa limawapweteka, thabwa limodzi limawatengera masiku angapo. Sakulankhula zambiri, koma ine ndakondwa kuwaona agwiranso bulashi, ngakhale ili yofufutira. Ndikuona ngati ndi njira yawo yopepesera.

Undiuze ngati ukudya mokwanira.

Mayi ako.

13 Febuluwale

Amayi,

Moni ndikupatsani bwino m'kalata ina. Mukangolandira iyi, pitani kuseri mukawaletse abambo. Asafufutenso ngakhale limodzi.

Cholakwa ndi changa, ndinalemba mothamanga. Sindikufuna matabwa, matabwa kuno ali mbwee. Ndikufuna zimene zili pamwambazo. Tsiku limene a Madamu ankaona zojambula zanga anandifunsa kumene ndinaphunzira, ndipo ndinawaonetsa chithunzi cha chikwangwani cha wometa chimene ndimasunga mufoni. Anakhala pansi. Anati, "Munthu uyu alipo? Zina zili kuti?" Tinagwirizana kuti khoma limodzi likhale la abambo, lina langa, moyang'anizana, bambo ndi mwana. Dzina lawo lalembedwa kale pa mapepala oitanira anthu.

Mundiyankhe msanga kuti atsala angati.

Mwana wanu.

27 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndine mchimwene wako. Amayi akuti ndilembe ndekha popeza mlandu ndi wanga.

Lole inandifera panjira, giyabokosi. Ndinagona pa galaja masiku khumi ndi awiri kudikira chitsulo, kalata yako ili pa dashibodi pansi pa malisiti a dizilo. Ukanandiuza kuti ndi yamoto ndikanaipatsira wa basi. Komabe palibe chowiringula.

Nditafika, amayi anaiwerenga ali chiimire pakhomo, kenako anathamanga. Chibadwire sindinawaonepo amayi akuthamanga. Tinawapeza abambo akumaliza lachinayi. Lapita la wometa, la ng'ombe ya ku butchala, la telala ndi la wokonza mawotchi. Atsala asanu ndi awiri.

Usayese kuti nkhani yathera pomwepo. Abambo anawerenga kalata yako kawiri, n'kuipinda bwinobwino. Anati kufufuta kunali bwino kusiyana ndi izi. Akuti anthu a m'tauni ovala magalasi akufuna adzaime ndi matambula m'manja, aziseka nkhuku yawo ya maso aakulu ndi mayi wa pa saluni wa khosi lalitali. Akuti iwo ankalembera anthu ofuna kudziwa pogula nyama, osati ofuna choseketsa. Atatero analowetsa matabwa onse m'chipinda chosungira katundu, kiyi ali m'thumba mwawo.

Ine ndayesa, andiuza kuti ndizisamala za giyabokosi. Amayi ayesa, angowakwezera wailesi. Watsala iwe. Uleke kudzera mwa amayi, uwalembere wekha. Nonse awiri mitu yanu ndi yofanana, mwina mumvana.

Ndinyamula kalatayo m'thumba la malaya, pamtima penipeni.

6 Malichi

Abambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo phewa likuchepako. Aka n'koyamba kukulemberani chichokere pakhomo, mundikhululukire ngati mawu sakukhala pamalo pake.

Pepani chifukwa cha kalata yoyamba ija. Ndinakusiyani masabata awiri mukuganiza kuti mwana wanu waona ntchito ya moyo wanu wonse n'kusiririra thabwa lokha. Munakhulupirira zimenezo, komabe munapita kukagula penti kuti mundithandize.

Mukuti anthu adzaseka. Ena adzamwetulira, inde, monga ankamwetulira anthu pamsika akaona nkhuku ija. Munaipatsa maso aakulu dala, kuti munthu wodutsa pa njinga aione ali patali. Munandiuza nokha ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditakugwirirani chingwe chopaka choko pamene munkalemba mizere. Munandiuzanso kuti chofiira chisagundane ndi chobiriwira popanda kamzere koyera pakati, apo ayi maso a munthu amatopa. Kuno kuli anthu amene anapita kunja kukaphunzira zimenezo. Ine ndinaziphunzira kuseri kwa nyumba yathu, nditakhala pa chitini.

Ndawauza a Madamu kuti zikwangwani zanu zikapanda kubwera, chipindacho apatse wina. Sikuti ndikukuopsezani. Zojambula zanga pazokha zili ngati munthu woyankha funso limene palibe wamva. Ndidikira chaka china, ndazolowera.

Mukavomera, mutumize onse khumi ndi limodzi, ndi oyera omwe. Sindijambulapo kanthu. Ndi anu.

Ndine mwana wanu wamkazi.

2 Epulo

Mwana wanga,

Tili bwino, kaya iwe kumeneko. Ndachedwa kuyankha chifukwa panalibe choti ndikuuze. Kalata yako bambo ako anailowetsa m'thumba la jekete, masabata atatu osatchulako. Ine ndinangoti pakamwa tseke, ndaphunzira.

Amene anawafewetsa mtima ndi wometa uja. Anabwera Lamlungu atamva mphekesera, n'kuima pakhonde. Anati, "Ndamva kuti mitu yanga mwaipaka laimu. Mukudziwa kuti chipachikire chapulasitiki chija anthu amalowa n'kumandifunsa ngati ndimagulitsa mafoni? Anyamata a pachithunzipo palibe amene amafanana ndi munthu wa kuno." Bambo ako anaseka mpaka kutsokomola, koyamba chaka chino.

Dzulo m'mawa ndadzuka ndapeza chitseko cha chipinda chija chili pululu, iwo ndi mchimwene wako akukweza matabwa mu lole. Lililonse analikulunga lokha. Mabulangete onse a m'nyumba muno apita, ndi la pabedi pathu lomwe, ndiye ukamasula unditumizire msanga kusanazizire.

Akuti ndikuuze kuti matabwa atumiza koma iwo sabwera, alibe chokachita kumeneko. Ndangoti chabwino. Koma jekete ija anaipereka kwa telala kuti aisinthe mabatani, ndipo andifunsa kawiri kuti mwezi wa Meyi uyamba tsiku lanji. Ine sindipita, mwendo sukundilola kukwera lole pakali pano. Udzandilembere zonse, usasiyeko kanthu.

Mayi ako.

12 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo ukupepukako. Khalani pansi bwinobwino, kalatayi ndi yaitali.

Tinatsegula Loweruka masana. Kumanzere tinapachika zikwangwani zisanu ndi ziwiri za abambo, kumanja zojambula zanga zisanu ndi zinayi. Matabwa oyera aja a Madamu anati tiwaike pakhoma lakumapeto, pansi pake kapepala kakang'ono konena zimene zinalipo kale. Anthu anadzaza mpaka ena anaima pamasitepe: aphunzitsi a ku sukulu ya zaluso ndi ophunzira awo, atolankhani awiri, ojambula anzathu, ngakhale amayi amene amagulitsa zipatso pageti analowa.

Abambo anafika ndi achimwene anthu atayamba kale kulowa. Jekete ya mabatani atsopano, nsapato zopolisha. Sanandipatse moni wambiri. Anangogwira dzanja langa n'kukakhala pampando wa mlonda pafupi ndi chitseko, chipewa pamaondo, ngati munthu wodikira dokotala. Ndinawaona akuyang'ana pakamwa pa aliyense woima pa nkhuku ija. Anthu ankamwetulira, kenako n'kusendera pafupi, kuyang'anitsitsa nthenga, ena kujambula ndi mafoni. Mphunzitsi wina anasonkhanitsa ophunzira ake pa chikwangwani cha wokonza njinga, n'kumawaonetsa mmene zilembo zimapendekera kutsogolo ngati nazonso zikupalasa.

Patapita nthawi anandikodola. Anandinong'oneza kuti, "Timadontho tofiira akumata m'mbali mwa matabwa angawa n'tachiyani? Apezapo zolakwika?" Ndinawauza kuti kadontho kofiira ndiye kuti chinthucho chagulidwa, mwini wake adzatenga chionetsero chikatha. Anayang'ana khoma lawo, panali titatu. Anayang'ana langa, panali tinayi. Anati, "Hm," n'kuvala chipewa, n'kuchivulanso.

Ndiye panali bambo wina wa sikafu m'khosi, wodziwika polemba za zaluso m'nyuzipepala. Anaima pa matabwa oyera aja anthu atamuzungulira, n'kuyamba kufotokoza. Akuti kuyeraku kukuimira kusowa mawu kwa munthu wamasiku ano, akuti wojambulayu wakana dala kutiuza kanthu. Analankhula nthawi yaitali, Chingerezi chambiri. Sindinaone pamene abambo ananyamukira. Ndinangomva mawu awo kumbuyo kwa gulu.

"Pepani achikulire. Pamenepo panali ng'ombe."

Anthu anatembenuka. Bambo wa sikafu anafunsa kuti iwo ndi ndani.

"Ndine ndinaijambula, ndinenso ndinaifufuta. Sikuti ndinasowa mawu. Kalata inachedwa."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ndipo ndinachita mantha, chifukwa kuseka n'kumene ankaopa. Koma anthu anayamba kuwomba m'manja, bambo wa sikafu naye anaseka n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. A Madamu anabwera n'kuwafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, ng'ombeyo mukuikumbukira?"

"Ndinaijambula ndi dzanja ili. Ndingaiiwale bwanji?"

"Ndiye tibwezereni."

Abambo anayang'ana dzanja lawo. Anati lakalamba, limanjenjemera, papita zaka zitatu. Ine sindinadikire, ndinathamangira kumbuyo kukatenga penti ndi mabulashi anga. Achimwene anatsitsa thabwa n'kulitsamiritsa pa tebulo. Abambo anatenga bulashi yanga imodzi, kuipinda ndi chala, n'kundibwezera. Anati, "Izi n'zopakira mankhwala pachilonda." Anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete n'kutulutsa mabulashi awo atatu, okulungidwa mu mpango wanu wa maluwa uja mumaufunafuna. Amayi, anabwera nawo. Munthu amene ankati alibe chokachita kuno.

Anavula jekete n'kundipatsa. Anapempha ndodo, mlonda anawapatsa mpini wa tsache. Anautsamiritsa pathabwa, kugoneka mkono pamwamba pake, ndipo kunjenjemera konse kunatha. Mzere woyamba unayambira panyanga, kudutsa msana wonse mpaka kumchira, osadukiza. M'chipindamo munkangomveka mafoni akujambula. Pasanathe ola ng'ombe inaima pathabwa, yonenepa, ikuyang'ana cham'mbali ngati ikudziwa kumene ikupita. Atalemba chilembo chomaliza anapukuta bulashi pa mpango n'kunena kuti, "Yakale ija inali yowonda miyendo. Iyi ndiye yabwino."

Anthu anawomba m'manja mpaka amayi a zipatso analiza nthungululu. Ine ndinangoima nditakumbatira jekete, misozi ili chuchuchu, osatha kuipukuta.

A Madamu alengeza kuti Loweruka lililonse abambo azibwezeretsa thabwa limodzi anthu akuonerera. Ndiye musawayembekezere msanga. Akugona kwanga, ine ndasamukira pamphasa. Mabulangete achimwene abwera nawo.

Mwana wanu wokondwa.

26 Meyi

Amake ana,

Ndine mwamuna wanu. Ndili bwino. Mwendo uli bwanji? Nkhuku zikulowa zonse madzulo?

Mwana wakuuzani zambiri, mwina anawonjezera. Ng'ombe inatenga ola ndi theka, osati ola. Loweruka lotsatira ndinabwezeretsa mitu ya wometa, dzana ndamaliza wotchi. Anthu akuchuluka sabata ndi sabata, mpaka aika mabenchi. Ophunzira a ku sukulu ya zaluso amabwera ndi makope, amanditcha aphunzitsi. Ndinawauza kuti sukulu sindinapite nayo patali, akuti zilibe kanthu. Akulu a sukuluyo andipempha kuti ndizikawaonetsa kalembedwe ka zilembo kawiri pamwezi. Ndawauza kuti ndiyambe ndafunsa kunyumba. Ndiye ndikufunsa.

Tsopano za mwanayu. Tsiku lina m'mawa ndinalowa naye anthu asanabwere, iye akukonza magalasi kumbuyo, ine ndinatsala ndekha ndi khoma lake. Amajambula manja a anthu ogwira ntchito, aakulu ngati chitseko. Manja a wosoka nsapato, a mayi wochapa, a wowotcherera zitsulo. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo inatopa. Pali zinthu zimene akuchita ndi kuwala zimene ine sindingathe, ngakhale mutandipatsa zaka zina makumi anayi. Wandipitirira, ndipo wandipitirira patali.

Kumuuza pamaso kunandivuta, mukundidziwa. Koma mtolankhani wina atandifunsa kuti ndikumva bwanji kukhala wojambula wotchuka, ndinamuuza kuti ine ndimalemba zikwangwani, wojambula ndi uyu waima apayu, ndipo ndine ndinalakwa kumuletsa. Analemba momwemo. Mwana anatuluka panja, anakhalako nthawi ndithu. Atabwera anandigulira tiyi. Ndiye kuti nkhaniyo yatha.

Latsala thabwa limodzi, lija linali la telala. A Madamu akuyembekeza makina osokera. Ndawauza kuti makinawo sindibwezeretsa. Ndakhala ndikuganiza kuno. Moyo wanga wonse ndajambula mitu ya anthu osawadziwa, ng'ombe, nkhuku, mawotchi, ngakhale mbuzi yovala tayi. Inu sindinakujambulenipo. Munkandichapira malaya a penti zaka zonsezi, ine osaganizako n'komwe.

Chionetsero chitseka pa 7 Juni. Ndalankhula ndi mwana wathu wamwamuna, akuti abwereka galimoto yaing'ono kwa abwana ake kuti musavutike ndi kukwera lole. Kuno kuli mpando wabwino wotsamira. Mubwere mudzakhalepo.

Ndine mwamuna wanu.

30 Meyi

Bambo a ana,

Mwendo uli bwino, nkhuku zikulowa zonse kupatula ija ya makani, yatengera inu.

Za kusukuluko pitani, mukundifunsiranji. Wailesi ipumeko.

Kalata yanu ndinawerengera ndekha kuchipinda, iyi yokha sindinapite nayo kumpanda. Ndibwera. Telala akundisokera diresi, wakhumudwa pang'ono kuti makina ake sabwerera, koma akuti popeza ndi ine palibe mlandu. Wometa naye akuti akwera nafe, akufuna akaone ngati mitu yake mwaibweza yonse isanu ndi umodzi.

Ndaona chithunzi cha ng'ombe yanu m'nyuzipepala. Ndi yokongola, koma ndikuchenjezeni anthu asanadzaze mabenchi: maso amenewo musandipatse ine. Khosi mulisiye mmene lilili, musalitalikitse ngati la mayi wa pa saluni. Ndipo imvi musabise ngakhale imodzi. Ndinazigwirira ntchito.

Mkazi wanu.